Kakhutu ka a Kaphwiti ndi Mchenga Wakuda

Tasunthani chikuni icho, utsi wandikonda ndekha ngati ndine ndaba nkhuku. Eya, choncho. Paja mwati ife a za mawaya ndi makompyuta sitikumana nazo zodabwitsa? Khalani pansi. Ine Mdzinga ndakalambira pa ntchito yowotcherera mawaya, ndipo zimene ndikuuzenizi ndinaziona masanasana, ndisanalawe ndi dontho lomwe.

Ndinkagwira ntchito ndi a Yotamu Kaphwiti, injiniya, m'kachipinda ka kuseri kwa sukulu ina ya ukachenjede ku Blantyre. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, woti ukapanda kumukumbutsa amaiwala kudya. Tinkapanga kachipangizo kamene ife tinkakatcha kakhutu. Mwaonapo kuchipatala akamayendetsa chinthu pamimba pa mayi woyembekezera kuti amve mwana? M'mutu mwa chinthucho mumakhala kachidutswa ka dothi lowotcha la mtundu wake. Ukakapatsa magetsi kamanjenjemera n'kutulutsa mawu oti khutu la munthu silingamve. Mawuwo akagunda chinthu m'thupi n'kubwerera, kamanjenjemeranso n'kubweza magetsi. Nzeru yonse ndi imeneyo: kamaitana, kenako kamamvetsera.

Makina a m'zipatala zikuluzikulu ndi aakulu ngati kabati. A Kaphwiti ankafuna kakhutu kochepa ngati njere ya chimanga, kolumikiza ku kabokosi ka mabatire, koti namwino wa kumudzi aike m'thumba. Chifukwa chake ndinkachidziwa ngakhale sitinkachitchula. Mwana wawo woyamba anabadwa atafa kale, pa kachipatala ka kumudzi kwa akazi awo, a Enelesi, kumapiri a ku Neno. Panalibe makina oti amve kuti mtima wa mwana ukufooka. Tsopano a Enelesi anali ndi pakati pena, ndipo anali atabwerera kumudzi komweko kukadikira kwa abale awo. A Kaphwiti ankathamangitsana ndi miyezi kuti kakhutu kathe mwanayo asanabadwe.

Koma kachidutswa kaja kali ndi khalidwe la ng'oma. Ukakasiya kalire momwe kafunira, kamamva ngakhale zapansipansi, koma sikaleka msanga, ndiye mawu obwerera amasakanikirana ndi kulira kwake komwe, zonse phala. Ukakagwira kumbuyo kuti kaleke msanga, kamasiyanitsa bwino mawu okwera ndi otsika, koma kamagontha. Choncho kumbuyo kwake tinkamatako chimene tinkati mtsamiro: guluu wosakaniza ndi ufa wa chitsulo cholemera kwambiri wochokera kunja. Mtsamiro ukalemera, kakhutu kagontha. Ukapepuka, kasokosera. Tinayesa, tinayesa, mpaka ufa uja unatha, ndipo wina amene tinaitanitsa unakakamira ku doko la ku Beira.

Lolemba lina, nthawi ya dzuwa loswa mtengo lija, a Kaphwiti anabwera kuchokera kokaona akazi awo atanyamula chitini cha mkaka wa ufa.

"A Mdzinga, tanyamulani ichi."

Ndinanyamula. Chitini chochepa, koma dzanja linatsika.

"Mwaikamo miyala?"

"Mchenga. Wakuda bii, wosalala, wolemera ngati chitsulo. Ndaupeza pa gombe la mtsinje kumunsi kwa mudzi, pokhota pamene pali mabango. Malo abwinobwino angokhala, palibe wotungapo madzi, palibe wolimapo dimba."

"Simunafunse chifukwa chake?"

"Ndifunse ndani? Amayi ena anandipeza ndikukumba. Ndinawapatsa moni, iwo n'kutembenuzira nkhope kumbali, ulendo. Ndimayesa ndi manyazi a pa mkamwini."

Tinaseka tonse. Amuna awiri, mitu yodzaza masamu, tinaona kuti nkhani yathera pomwepo.

Mchengawo tinausefa n'kuwuika mu uvuni kuti uume. Unatuluka wouma gwa. M'mawa mwake tinaupeza wachinyezi, chitini chili chotseka. Tinaumitsanso, unachitanso chimodzimodzi. Ndipo ukapisamo chala sunali wozizira monga umakhalira mchenga wonyowa. Unali wofunda. A Kaphwiti anati mwina uli ndi mchere wokoka chinyezi. Anautapa ukadali wotentha kuchokera mu uvuni, n'kusakaniza ndi guluu, n'kumata kumbuyo kwa kakhutu katsopano.

Tinali ndi thanki yagalasi yoyeseramo. Tinkadzaza madzi, n'kupingasa kawaya kowonda ngati tsitsi, n'kuona ngati kakhutu kangakamve. Tukhutu tathu takale tinkakamva kawayako pokhapokha ukayandikitsa. Aka kanamva kali kumapeto kwenikweni kwa thanki, ndipo pa galasi la kompyuta mzere unatuluka wowongoka, woyera, wopanda mchira. Kanali kakumva patali ndi kusiyanitsa nthawi imodzi, zinthu ziwiri zimene sizigona nyumba imodzi.

A Kaphwiti anakhala pansi, pa simenti penipeni.

"Masamu akukana," anatero. "Sizikuyenera kutheka."

"Muwasiye masamu akane," ndinatero ine. "Bola kakugwira."

Kenako ndinachotsa kawaya kaja kuti tione ngati madzi okhaokha akhale chete. Kabokosi kathu kanali ndi sipika yosandutsa zimene kakhutu kamva kukhala mawu a khutu la munthu. M'madzi opanda kanthu payenera kukhala bata. Koma munali kanthu. Kanali kugunda motsitsa, mofulumira: ti-ti-ti-ti.

Ndinati ndi magetsi. Ndinazimitsa nyali, ndinazimitsa uvuni, ndinazula chilichonse pakhoma mpaka tinatsala ndi mabatire okha. Kanapitirira. Tinataya madziwo n'kuthira ena. Kanapitirira. Titamvetsera bwino tinazindikira kuti sikanali kamodzi. Kunali kugunda kwambiri, kwina pafupi, kwina patali, kukupondana ngati mvula ikamayamba pa denga laudzu. Tikatulutsa kakhutu m'madzi, kunkachepa koma osatha.

Masiku otsatira zinthu zinayamba kusowa. Osati zodula ayi. Mapulayazi, mita yoyezera magetsi, foni, zonse zinkagona pa tebulo bwinobwino. Zinkasowa zofewa zokhazokha. Tinsalu topukutira magalasi. Thonje. Kenako chipewa changa chaubweya, chimene ndinachipachika pa msomali kuyambira nthawi yozizira. Makiyi tinali nawo awiri tokha. Ndinakwiya, ndinafufuza, mpaka ndinagwada kusuzumira kunsi kwa tebulo kumene tinkaika chitini chija. Zonse zinali kumeneko. Sizinali zongoponyedwa. Zinali zitakulunga chitinicho bwinobwino, tinsalu m'mbali, thonje pansi, chipewa changa pamwamba.

Ndinadzuka pang'onopang'ono. Sindinakhudze kanthu, ndipo chipewacho sindinachifunenso.

Madzi a m'thanki nawonso anasintha. Tinkawathira ozizira a pampopi, koma m'mawa ukapisa chigongono unkawapeza ofunda, kufunda kumene amayi amayesa asanasambitse khanda.

Tsiku lina masana ndinatuluka kukagula nthochi pachipata. Pambali pa mayi wogulitsa nthochi panaima mayi wina, woonda, atamanga nsalu kumbuyo monga wobereka mwana, koma nsaluyo inali yaphwa, yopanda kanthu. Mvula inali isanagwe m'tauni monse, fumbi lokhalokha, koma mapazi ake anali ndi matope akuda mpaka m'akakolo.

"Bambo," anatero motsitsa, osandiyang'ana. "Mwawafunditsa?"

"Ndani, mayi?"

"Sanazolowere mphepo."

Anatembenuka n'kumatsika ndi msewu, dzanja lili kumbuyo, akusisita nsalu yopanda kanthu ija. Ndinafunsa wa nthochi kuti mayi amenewa ndi a kuti. Iye anatembenuzira nkhope kumbali.

"Za amayi izo, bambo. Tengani nthochi zanu."

Nditalowa ndinapeza a Kaphwiti atakhala pafupi ndi thanki, sipika ili kukhutu. Ndinawauza zonse. Anamvetsera osadabwa, ndipo kusadabwa kwawoko kunandiopsa kuposa mayi uja.

"Ndayeza liwiro lake," anatero. "Mtima wa munthu wamkulu sugunda chonchi. Mtima wa mwana amene sanabadwe ndiwo umagunda chonchi."

"Ndiye tikataye, bwana. Lero lomwe."

"Enelesi watsala mwezi umodzi, a Mdzinga. Kakhutu kena kabwino ngati aka ndilibe."

Mantha ndinali nawo, koma ndikuuzeni zoona, sanali mantha oti uthawe. Anali aja oti ukalowa m'chipindamo umatsitsa mawu wekha, n'kutseka chitseko mosagogoda. Ndinasiya kuimba likhweru pa ntchito, ine amene ndimaimba ndi kuchimbudzi komwe.

Mwezi uja sunakwane. Mvula yoyamba inabwera yaukali, ndipo m'mamawa wina foni ya a Kaphwiti inalira. Anali a Fanesi, akulu awo a Enelesi. Anati mwana sanasunthe kuyambira dzulo, amutengera mayiyo ku kachipatala ka pamudzi, ndipo mlatho wapita ndi madzi, ambulasi siingawoloke.

A Kaphwiti anatenga kakhutu. Ine ndinanyamula kabokosi, ndipo chitini chija, ndi zofunda zake zonse, ndinachiika m'chikwama. Sindinafune kuti ndidzachipeze chikundidikira pobwera. Galimoto tinaisiya tsidya lino la mtsinje. Tinawoloka wapansi, madzi a m'chifuwa, titagwirana ndi amuna a m'mudzimo.

Kachipatalako kanali ka zipinda ziwiri. A Enelesi anali atagona pa bedi, maso ali kudenga. Namwino, a Msosa, mayi wamfupi wojintcha, anali ndi kalipenga kachitsulo komvetsera pamimba, koma mvula inali kusokosa pa malata.

"Sindikumva kanthu," anatiuza panja pa chitseko. "Koma ndi phokoso ili sindingalumbire. Ngati mwana wapita, sindingaike moyo wa mayi pa mtsinje wodzaza, tidikira madzi aphwe. Ngati ali moyo, tiyenera kuwoloka pompano. Ndikufuna kudziwa basi."

Ndinatsegula chikwama kuti nditulutse kabokosi. Chivindikiro cha chitini chinali chitatseguka, mchenga wakuda utatayikira m'kati. A Fanesi anali pafupi. Anabwerera m'mbuyo ngati aponda moto.

"Alamu, mchenga uwu mwautenga kuti?"

"Kumunsi uko, pokhota pa mabango. Wina uli m'kachipangizo aka."

A Fanesi anamasula nsalu yawo yapamwamba, anagwada, n'kufunditsa chitinicho. Polankhula sanakweze maso.

"Paja ndi pamene timagoneka nthayo. Ana onse a mudzi uno obadwa osalira ali pamenepo, kuyambira makolo. Timapita amayi okhaokha. Sitikumba mozama, kuopa kutseka mimba ya mayi wake, ndiye ali pamwambamwamba pomwepo. Wanu ndinamunyamula ndine."

A Kaphwiti anagwira khoma.

"Bwanji simunandiuze? Amayi anandipeza ndikukumba."

"Mwamuna sauzidwa, alamu. Akanayamba bwanji?"

Anadzuka n'kuima pakhomo la chipinda, manja atatambasula.

"Chinthu ichi sichikhudza mimba ya mng'ono wanga. Mwawadzutsa. Akamuona mnzawo amuitana, apite naye."

Mvula inali kugwabe. Namwino anayang'ana a Kaphwiti, a Kaphwiti anayang'ana kakhutu m'dzanja mwawo. Munthu amene anaika moyo wake wonse pa kanthu kameneka analephera kuponya phazi. Ine ndinkaganiza ngati a Fanesi, sindibisa.

Mawu a Enelesi anachokera m'kati, ofooka.

"Achemwali, ndamva zonse. Mwati wanga ali momwemo?"

"Ali momwemo."

"Ndiye bweretsani. Ndinamunyamula miyezi yonse ija, ndikumudziwa. Sangapweteke mng'ono wake."

A Fanesi anatsitsa manja.

Ndinalumikiza mawaya. Nditangoyatsa kabokosi, kugunda kuja kunadzaza chipinda, kwamphamvu kuposa mmene tinakumverapo ku Blantyre, mpaka kunaposa mvula. Namwino anagwira pakamwa. A Fanesi anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu, monga amachitira pofika pa malo a akuluakulu. Namwino anapaka mafuta pamimba, ndipo a Kaphwiti anagunditsa kakhutu pa khungu.

Zonse zinangoti zii. Kugunda konse kuja kunaleka nthawi imodzi. Kuyambira tsiku limene tinamata mchengawo, sipika ija inali isanakhalepo chete.

Namwino anatenga kakhutu n'kumayendetsa, kumanja, kumunsi, kumanzere. Palibe. Anabwereranso kumunsi, n'kutsindika pang'ono. Ndiye patali kwambiri, ngati munthu akugogoda pa nyumba ya chitatu, tinamva: du... du... du.

"Ali moyo," anatero namwino. "Koma watopa kwambiri. Itanani amuna, tinyamule."

Asanachotse dzanja, panabwera kugunda kwina. Kumeneku kunali kofulumira, kolimba, pafupi penipeni ndi koyamba kuja. Namwino anagwira mkono wa a Enelesi n'kumvetsera mtsempha, kenako anapukusa mutu.

"Si wa mayi. Ndipo si mapasa, mimba iyi ndakhala ndikuyiyeza ndekha."

Palibe anafunsa kuti nanga ndi wa yani. A Enelesi anaika dzanja lawo pamwamba pa la namwino.

"Musachotse," anatero.

Tinawanyamula pa machira. Iwo anagwirizira kakhutu pamimba, ine ndinkayenda pambali kabokosi kali pamutu, ndithu ngati mayi wochokera kuchitsime. Njira yotsikira ku mtsinje inali yoterera. Mitima iwiri ija inkamveka kwa aliyense. Amuna onyamula machira anali akuyankhulana za poponda, koma atamva anasiya, ndipo mmodzi anavula chipewa n'kuchipisa m'malaya, mvula ikumukwapula pa dazi.

Pakati pa mtsinje, madzi atafika m'khwapa, mtima wofooka uja unayamba kudumphadumpha. Du... kenako bata lalitali... du. A Kaphwiti anaitana dzina la akazi awo. Pamenepo wachiwiri uja unasendera. Sindingakufotokozereni mwina. Unamveka ukuyandikira, ukukula, ukugunda pambali penipeni pa mnzake, osaleka, mpaka wofooka uja unayambanso kutsatira. Zinachitika pamtsinje, zinachitikanso pokwera chitunda cha tsidya lino, zinachitikanso m'galimoto pamene matayala anatitimira m'matope. Nthawi iliyonse wamng'onoyo akafuna kugona, winayo ankamudzutsa.

Ine ndapemphera m'matchalitchi ambiri, abale anga, koma sindinamvepo kuchepa ngati mmene ndinamvera pa mpando wa kumbuyo wa galimoto ija, kabokosi kali pamiyendo.

Tinafika pa chipatala chachikulu cha paboma chakumadzulo, mvula itakata. Mlonda anatsegula chipata. Galimoto itangolowetsa mphuno, kugunda kolimba kuja kunayamba kutalikira, pang'onopang'ono, ngati mapazi a munthu amene watembenuka. Kenako kunatha. Unatsala mtima umodzi, wofooka koma woyenda.

"Wabwerera," anatero a Enelesi. "Wamufikitsa."

Anamwino anabwera ndi bedi la matayala n'kuthamanga nawo. A Fanesi sanalowe. Anatambasula dzanja kwa a Kaphwiti, ndipo iwo anazula waya n'kuwapatsa kakhutu kaja osanena kanthu za masamu, za miyezi imene anavutika, kapena za amayi ena amene kakanawathandiza. A Fanesi anakaika m'chitini, anakutumula chikwama changa kuti pasatsale ndi kamchenga kamodzi, anakulunga zonse mu nsalu n'kubereka kumbuyo.

"Alamu," anatero a Kaphwiti. "Mukafika mukanene kuti bambo ake apepesa. Mukanenenso kuti zikomo."

"Akumva," anatero a Fanesi, n'kuyamba ulendo wobwerera wapansi.

Ufa wa ku Beira uja unadzafika pambuyo pake, ndipo tukhutu timene tinapanga nawo tikugwira ntchito m'zipatala zingapo za kumidzi. Ndi tabwino ndithu. Timamva zimene zilipo, m'madzi opanda kanthu timakhala chete, ndipo palibe ndi kamodzi komwe kanafikapo pa kaja.

Koma ndibwerere pa tsiku lija. Madokotala anachita opaleshoni. Mchombo unali utazinga khosi. Anati tikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Anatuluka mwana wamkazi, wotuwa, wachete, ndipo anamusisita kwa nthawi yaitali asanatsegule kukamwa. Atalira, tinamumva tili pa benchi panja.

M'mawa mwake anatilola kulowa. A Kaphwiti ananyamula mwanayo mouma manja, monga amachitira amuna. Pa bedi loyandikana panali mayi wina wachikulire amene ankadikirira mpongozi wake. Anasuzumira kankhope kaja n'kumwetulira.

"Mwayi wanu, bambo. Ndi chisamba?"

Inu mukudziwa mwambo wathu. Nthayo siwerengedwa, ilibe dzina, siitchulidwa, makamaka ndi mwamuna. Yankho lake linali lakuti inde. A Enelesi anayang'ana amuna awo, ine ndinayang'ana pansi.

"Ayi, mayi," anatero a Kaphwiti. "Uyu ndi wachiwiri. Ali ndi mkulu wake, ndi amene anatiperekeza dzulo."